Nsapato Yakumanzere Inauma Msanga

1. Mvula ya Lolemba

Pasukulu yonse panalibe amene ankamuitana ndi dzina lake lenileni. Anzake, aphunzitsi, ngakhale mlonda wa pageti, onse ankangoti Kamvuluvulu, chifukwa mtsikanayu akaliyatsa liwiro fumbi linkatsala likuvina kumbuyo kwake. Bambo ake okha, omwe anali osoka nsapato, ndiwo ankalidula dzinalo n'kumati Vulu.

Miyendo anali nayo, apo palibe ankatsutsa. Chimene chinamuperewera mwanayu ndi makutu. Ukamuuza kuti dikira, iye wapita kale. Ukamuuza kuti bwerera, ndiye ngati wachita kumukankha.

Lachiwiri m'mawa kunali mpikisano pabwalo la sukulu. Atsikana khumi ndi awiri ankayenera kuzungulira bwalo kanayi, ndipo awiri oyamba okha ndiwo akatengedwe kukaimira sukulu kumpikisano wa chigawo chonse. Wachitatu ake anali manja owomberedwa basi. Kamvuluvulu anali atakonzekera malo amenewa kwa chaka chathunthu, ndipo analibe chinanso chimene ankachifuna koposa.

Lolemba masana aphunzitsi a masewera anawasonkhanitsa onse pakhonde la kalasi.

"Lero palibe wothamanga," anatero. "Ntchito munaigwira kale miyezi yonseyi, ndipo tsiku limodzi silingakuwonjezereni kanthu. Mitambo iyo mukuiona nokha. Pitani kwanu, mukadye bwino, mukapumitse miyendo. Nsapato zanu mukazisunge pouma. Nsapato yonyowa imalemera, phazi limaterereka m'kati mwake, ndipo matuza amatuluka musanazungulire kawiri. Ndikunena ndi nonse, koma makamaka ndikunena ndi iwe, Kamvuluvulu."

Anzake anaseka. Iye anayankha mwaulemu kuti wamva, ndipo mwina akanamveradi. Koma potuluka pageti wina anamutsina khutu kuti Nyamalikiti, mtsikana wamtali uja yemwe ankalimbana naye nthawi zonse, anali atathamanga kale m'mawa sukulu isanayambe. Kamvuluvulu sanafunse ngati zinali zoona. Anasiya chikwama cha mabuku kwa mlonda, anamanga zingwe za nsapato, n'kuuyatsa ulendo.

Mvula inamupeza kuseri kwa msika. Anthu onse anathamangira m'makonde a sitolo, iye yekha n'kumapitirira pakati pa msewu ngati akupikisana ndi mitambo. Pafupi ndi malo okwerera basi ngalande inali itasefukira, ndipo m'malo mozungulira analowa momwemo, madzi amatope n'kumufika m'akakolo.

Pobwerera kunyumba nsapato zinkalira kuti tchwa, tchwa, tchwa. Zinali zokhazo zimene anali nazo.

2. Pashedi ya bambo ake

Shedi ya bambo ake inali kutsogolo kwa nyumba, moyang'ana msewu. Munali benchi imodzi, chitsulo chokhomerera nsapato, zitini za polishi ndi za guluu, ndi nsapato za anthu zopachikidwa m'misomali ziwiriziwiri. Denga linkadontha pakona imodzi, ndipo tsikulo linadonthera pamulu wa nyuzipepala zakale zimene bambowo ankakulungira nsapato za makasitomala. Zouma zinatsala zapamwamba pa benchi zokha, zosakwana zisanu.

Pashelefu yapamwamba panali katoni imene Kamvuluvulu ankachita nayo manyazi. Chaka chilichonse sukulu ikamatsegulidwa, bambo ake ankamuimika patsamba la nyuzipepala n'kujambula mapazi ake ndi cholembera chakuda, kenako n'kulemba zaka zake pambali. Anayamba ali ndi zaka zitatu, ndipo tsopano anali ndi khumi ndi zisanu. Ankati wosoka nsapato wosadziwa phazi la mwana wake ndi wabodza. Masambawo ankawasunga m'katonimo, ndipo munthu wina aliyense sankaloledwa kuikhudza.

Bambowo atamuona akubwera, madzi ali chuchuchu, sanamufunse kumene wachokera. Anangoloza benchi n'kutambasula dzanja. Kamvuluvulu anavula nsapato n'kuwapatsa.

Nsapatozo anazidziwa ngati zikhatho zawo. Anazigula zitavalidwa kale, zitatha kunsi, ndipo anazimata okha soli yatsopano, mphira ya kunsi ija. Anasolola zingwe zonse ziwiri, anatulutsa timasiponji topondapo ta m'kati, anakoka malilime kuti nsapato zitseguke bwino, n'kuyamba kupukuta matope ndi kansalu. Ankachita zonsezi modekha kwambiri, ngati mpikisano uli chaka chamawa.

Kamvuluvulu anapirira mphindi ziwiri. Kenako ananena kuti kuli bwino akoleze mbaula, aziike pambali, ziume msanga.

Bambo ake anaika kansalu pansi.

"Tamvera, Vulu. Nsapato yothamangira si mphika, siifuna moto. Kunsi kwakeku kwagwira ndi guluu, ndipo guluu ameneyu ndinapaka ndine ndi chala changa ichi. Guluu akamva kutentha amafewa. Akazizira amaoneka ngati wagwiranso, koma amakhala atafa kale, amangodikira tsiku loti akuchititse manyazi. Siponji yokhuthala ya pakatiyi nayonso ikapsa imakwinyika, ndipo ikakwinyika palibe mmisiri amene angaibweze. Pabenchi pano zafikapo zambiri. Wina anaika zake pambali pa mbaula n'kupita kukasamba. Wina, dalaivala wanzeru zake, anaziika painjini ya galimoto. Mayi wina anachita kusita za mwana wake ndi simbi. Zonsezo zinabwera kuno zitayasama kukamwa, eni ake akundipempha kuti ndichite zamatsenga."

Anatenga tsamba limodzi la nyuzipepala, analifinya pang'ono osalilimbitsa, n'kulikankhira m'nsapato yakumanja mpaka kuzala.

"Nsapato imauma ndi pepala komanso mphepo. Pepala limamwa madzi a m'kati. Likakhuta umalichotsa, n'kuikamo lina louma. Ukatero katatu kapena kanayi, nsapatoyo uli utaitsamiritsa podutsa mphepo, madzi amatha okha popanda chowonongeka. Chotsala ndi kudikira, mwana wanga, ndipo chimenecho ndi chimene iwe ulibe."

Kamvuluvulu anafunsa ngati pofika m'mawa zikhala zitauma gwa. Bambo ake, poti sanali munthu wonama, anayankha kuti zikhala zovalika.

Mawu akuti zovalika ndi amene anaononga zonse. Mtsikanayo anapsa mtima. Ananena kuti iye sakufuna zovalika, akufuna zouma. Ananena kuti Nyamalikiti ali ndi mapeyala awiri pamene iye akuuzidwa zodalira mapepala otolera. Ananenanso kuti nzeru zimenezo ndi zakale, za nthawi imene kunalibe magetsi, ndipo kusaluni kwa azakhali ake kuli dilaya imene imaumitsa mutu wonse wa munthu m'theka la ola.

"Mutu wa munthu ulibe guluu," anatero bambo ake.

Nsapato yakumanja inali m'manja mwawo, choncho Kamvuluvulu anatsomphola yakumanzere pabenchi.

"Imeneyo umitsani ndi mapepala anuwo, Bambo. Iyi ndikaumitsa ndekha. Mawa tidzaona yauma bwino."

Bambowo sanamuthamangitse. Anangomuuza kuti avale kaye zovala zouma, ndipo zimenezo zokha ndi zimene anamvera.

3. Pansi pa dilaya

Saluni ya azakhali ake, mlongo wa bambo ake, inali mumsewu wachitatu kuchokera pashedi. Chinali chipinda chimodzi chokhala ndi magalasi awiri, beseni lotsukira tsitsi, ndi dilaya imodzi yakale yooneka ngati chisoti chachikulu, imene mayi amakhala pansi pake ali ndi marola m'mutu. Panali batani lozungulira la manambala kuyambira wani mpaka sikisi.

Azakhaliwo anali pakhonde akuluka kasitomala. Ataona mwana wa mlongo wawo atanyamula nsapato imodzi, anafunsa ngati inayo yadyedwa ndi galu. Atamva nkhani yonse anasiya kuluka n'kugwira m'chiuno.

"Ndiye wathawa kwa mmisiri wa nsapato, n'kubwera kwa mmisiri wa tsitsi? Bambo ako aja ndi ochedwa pa chilichonse, zimenezo ndinakula nazo ndipo ndikuzidziwa. Kudya amachedwa, kuyankha amachedwa. Koma pa nsapato sindinawaonepo atalakwa. Makina amenewa amawotcha, mwanawe. Ndinayamba ndapsereza nawo makutu a mayi wina, mpaka lero tikakumana pamsika amayang'ana kumbali. Ngati wakakamira, ika pa wani, mphindi khumi zokha, ukatero uchotse. Ukapyola pamenepo usadzanditchule dzina."

Kamvuluvulu analonjeza. Analowa m'kati, anasanjikiza mapilo awiri pampando kuti nsapato ifike m'chisoti muja, n'kuika batani pa wani.

Mphindi khumi zitatha anapisa dzanja m'nsapato. Munali mofunda, koma monyowabe. Anasuzumira pakhonde n'kuona kuti azakhali ali kalikiliki ndi mutu wa kasitomala komanso nkhani ya ukwati wa munthu wina. Anabwerera n'kupotoza batani mpaka pa sikisi.

Dilaya inayamba kulira ngati njinga yamoto. Panapita mphindi makumi awiri, kenako makumi atatu. Nthunzi inatuluka m'nsapato, ndipo Kamvuluvulu anakondwa kwambiri poiona. Anali atayamba kale kukonza mawu oti akawauze bambo ake.

Amene anayamba kumva fungo anali kasitomala uja. Anafunsa ngati wina akuotcha matayala kuseri. Azakhali analowa ndi chipeso m'manja, anazimitsa dilaya, anatsegula mawindo, n'kunena mawu angapo amene sitingawalembe m'buku la ana asukulu. Koma Kamvuluvulu anali atanyamula kale nsapato yake ndi chopukutira, poti inali yosagwirika ndi manja.

Inali itauma gwa. Kutsogolo inali itapindikira m'mwamba pang'ono, ndipo m'mphepete mwa soli munatuluka timadontho tonyezimira tomata zala. Iye anatipukuta ndi chopukutira chija, anakanikiza soli ndi zala zake zamanthu, n'kuona kuti yagwira.

Anafika pashedi dzuwa lisanalowe n'kuiika pabenchi mwamatama. Yakumanja inali pawindo, itatsamira khoma, m'kamwa muli mapepala, ikadali yonyowa.

Bambo ake anainyamula yakumanzere ija, anainunkhiza, anaipinda pang'ono, n'kuibweza. Anapempha kuti aisiye kuti aisoke ndi ulusi m'mphepete monse isanavalidwe. Kamvuluvulu anaganiza kuti akungofuna kukana kugonja. Anawauza kuti nsapato yabwinobwino siisokedwa, anaitenga, n'kukaibisa kuchipinda kwake.

4. Kuzungulira kanayi

M'mawa anapeza nsapato yakumanja pakhomo pa chipinda chake, zingwe zitalowetsedwa kale, kasiponji kali m'malo mwake, kenanso ka kumanzere kali pambali pamodzi ndi chingwe chake. Anapisamo dzanja. Munali mozizira, koma chala chinatuluka chouma. Zinamukwiyitsa pang'ono kuti mapepala aja agwiradi ntchito.

Yakumanja inalowa ngati masiku onse. Yakumanzere inavuta. Anachita kuikoka ndi manja awiri, ndipo italowa inamufinya zala ngati ya mwana wamng'ono. Bambo ake anali pakhomo la shedi akumuyang'ana, choncho anayenda mowongoka osatsimphina mpaka atakhota pakona.

Bwalo la sukulu linali ladothi lothiridwa timiyala, ndipo ana onse anali atandanda m'mbali. Atsikana khumi ndi awiri anaima pamzere. Nyamalikiti anayang'ana pansi n'kufunsa chifukwa chake nsapato imodzi ikuyang'ana kumwamba ngati ikupemphera. Kamvuluvulu anamuuza kuti aiyang'anitsitse pompano, chifukwa wezulo ikalira aziona chidendene chokha.

Wezulo inalira.

Kuzungulira koyamba anatsogola ndi iye. Kwachiwiri anali patsogolobe, Nyamalikiti akumupumira m'khosi, ndipo mtsikana wina wamfupi wa kalasi yomaliza akubwera mwakachetechete pambuyo pawo. Zala zakumanzere zinkawotcha, koma ululu wotere Kamvuluvulu ankaudziwa ndipo sunamuopse.

Pakati pa kuzungulira kwachitatu anamva kuti pha. Atapondanso anamva kuti pha, pha. Soli inali itamatuka kutsogolo, ndipo nsapato inayasama kukamwa monga momwe bambo ake ananenera. Phazi lililonse limene ankaponya, soli inkapindikira pansi n'kumukola. Anapunthwa kamodzi, Nyamalikiti n'kumudutsa. Ana a m'mbali anayamba kuseka n'kumawomba m'manja motsatira kulira kwa nsapatoyo.

Aphunzitsi a masewera anathamangira m'mphepete mwa bwalo akukuwa kuti aime, atuluke, adzipweteka. Kamvuluvulu anawamva bwinobwino. Anaima kamphindi, anaponda chidendene cha nsapatoyo ndi phazi linalo, anaizula, n'kuikankhira kunja kwa mzere. Mtsikana wamfupi uja anamudutsa pomwepo, ndi ena awiri.

Anayambanso kuthamanga, phazi lina m'nsapato, lina m'sokosi. Kuseka kuja kunatha. Sokosi inang'ambika asanafike pakona, ndipo timiyala tinayamba kumudya phazi. Ankathamanga mopendekeka ngati ngolo yaphwa tayala limodzi, koma anadutsa mmodzi, kenako wina. Pakuzungulira komaliza sukulu yonse inali ikukuwa dzina lake. Pamzere wowongoka wotsiriza anamupeza mtsikana wamfupi uja mpaka mapewa awo anatsala pang'ono kukhudzana.

Nyamalikiti anafika woyamba. Wamfupi uja anafika wachiwiri. Kamvuluvulu anafika wachitatu, kutsalira ndi sitepe imodzi yokha.

Anamuwombera m'manja kwambiri, kuposa awiri aja. Koma papepala la aphunzitsi panalembedwa mayina awiri, ndipo lake panalibe. Zinamuwawa kuposa phazi. Anzake anayembekezera kuti alira, iye osalira. Anakana kunyamulidwa, anapita yekha kukatola nsapato yake m'udzu.

Aphunzitsi anamukhazika pansi, anatsuka phazilo ndi madzi amchere, n'kulimanga bandeji. Pansi pake panali mabala atatu, lina lakuya ndithu.

"Mtima uli nawo, mwana iwe," anatero akumanga, "koma mtima wopanda makutu umapweteketsa mwini wake. Dzulo ndinakuuza kuti upume. Ukanapuma, bwenzi pano tikukamba zina. Mpikisano uwu sunakukanike pabwalo pano ayi, unautaya dzulo masana. Lachisanu kuli wina wautali, wozungulira kasanu ndi katatu, ndipo kumeneko tikutenga mtsikana mmodzi yekha. Ndikukuuza kuti usadzamve kwa ena, osati kuti ubwere. Phazi ili likufuna sabata yathunthu."

Kamvuluvulu anathokoza chifukwa cha bandeji.

5. Mapepala pa waya

Anafika pashedi masana akutsimphina, nsapato yoyasama ili m'manja. Panjira ponse anali akukonza zoyankha, chifukwa ankadziwa kuti bambo ake amufunsa kuti yauma bwino ndi iti.

Bambowo anali akukhomerera chidendene cha nsapato ya munthu wina. Anayang'ana bandeji, anayang'ana nsapato, n'kuchotsa zitini pabenchi kuti akhale. Funso lija sanafunse.

"Ndinamaliza," anatero Kamvuluvulu, mutu uli m'mwamba. "Aphunzitsi anati ndituluke, koma ndinamaliza. Ndinali wachitatu."

"Ndamva kale. Mlonda wa pageti wadutsa pano."

Anatenga nsapatoyo n'kuitembenuza. Soli inkalendewera ngati lilime la galu. Anamuonetsa guluu atauma n'kumayoyoka ngati chikhokho, anamuonetsanso siponji ya pakati itakwinyika n'kulimba. Anati soli angathe kuimata ndi kuisoka, koma nsapatoyo yachepa, ndipo phazi lake silidzakwanamonso.

Kamvuluvulu anayang'ana kumbali kuti asakumane nawo maso. Apo ndi pamene anaona waya.

Kuchokera pamsomali wa pakhomo kukafika pawindo, bambo ake anali atamanga waya n'kuyanikapo masamba a nyuzipepala. Anali okwinyika, onyowa, ena ong'ambika pakati, koma anali atawongoledwa bwinobwino limodzilimodzi. Patsamba loyamba panali timapazi tiwiri tating'ono, tosakwana chikhatho. Inki inali itasungunuka n'kuyenderera, koma nambala ya pambali inkaonekabe kuti ndi fili. Patsamba lotsatira mapaziwo anali okulirapo. Anawerenga masamba asanu ndi anayi. Pa ena panangotsala banga lakuda.

Anakweza maso pashelefu. Katoni ija inali yotsegula.

"Bambo, mapepala awa..."

"Ouma anatha nditangosintha kamodzi," anatero bambo ake, maso ali pansapato. "Mulu uja mvula inaunyowetsa, ndipo anansi nawonso analibe. Nsapato inkafunabe kusinthidwa katatu. Ndikanatani? Mapepala amenewa ndinkasungira mapazi ako omwewo."

Kamvuluvulu anayang'ananso timapazi tija pawaya. Pabwalo paja, pamaso pa sukulu yonse, misozi anaikaniza. Apa inamukanika. Anaipukuta msanga ndi mkono, mokwiya, ngati yamulakwira. Anamva chisoni, anamvanso manyazi, pokumbukira kuti dzulo lomwelo mapepala amenewa anawatcha otolera.

Kupepesa sanazolowere, choncho kunatuluka mokhota. Ananena kuti dilaya ya azakhali ndi yakale, batani lake ndi lonama. Kenako ananena motsitsa mawu kuti iye ndi amene analipotoza mpaka pa sikisi, ndiponso kuti akanawalola kuti aisoke. Bambo ake anangogwedeza mutu n'kupitiriza kupala guluu wakufa uja ndi mpeni.

"Lachisanu ndithamanga," anatero mtsikanayo.

Mpeni unaima. Bambowo anamukumbutsa kuti nsapato ali nayo imodzi ndipo phazi ali nalo limodzi. Anamuuza kuti bala la pansi pa phazi silipola ndi makani, ndipo akalithamangitsa lisanatseke likhoza kumukhazika pansi teremu yonse. Anati nsapato angayese kupanga, pophatikiza soli iyi ndi chikopa cha ina yosiyidwa pamsomali, koma guluu watsopano amafuna masiku awiri osakhudzidwa, ndipo aliyense womupotozera pa sikisi adzaonanso zomwezi.

"Masiku awiriwo ndidikira," anatero Kamvuluvulu. "Sindiikhudza. Sindithamanga ngakhale kupita pampopi. Koma Lachisanu ndikaima pamzere."

"Phazi likakana?"

"Likakana mudzandiuza ndinu, ndipo ndidzamva. Koma silikana."

Bambo ake anamuyang'ana kwa kanthawi. Mawu akuti ndidzamva anali asanawamvepo pakamwa pa mwana ameneyu. Anaimirira, anatsitsa katoni pashelefu, n'kutulutsa limodzi mwa masamba anayi amene anatsala, la chaka chino. Analitembenuza kuseri kopanda chojambula, analiyala pansi, n'kuchotsa cholembera chakuda kukhutu.

"Ponda apa. Usagwedezeke."

Kamvuluvulu anaponda ndi phazi la bandeji lija, ndipo kwa nthawi yoyamba chiyambire sanadandaule kuti akuchedwa. Cholembera chinazungulira chidendene, chinakwera m'mbali, chinadutsa kuzala, n'kubwerera pamene chinayambira.

Atachotsa phazi, bambo ake ananyamula tsambalo n'kuliyang'ana pa kuwala kwa pakhomo, pomwe chojambula chakale cha kuseri chinkaonekera. Mzere watsopano unali utatuluka kunja kwa wakale ndi chala chathunthu, ndipo sinali bandeji yokha. Phazi linali litayamba kutupa, ndipo kuti Lachisanu lifike kunali kutatsala masiku atatu.